Nandolo Wathu pa Sikelo ya Maiko

Mabanja a m'maboma a Mulanje, Thyolo, Phalombe, Chiradzulu, Zomba ndi Machinga sadzaiŵala msanga chilimwe cha 2017. Zaka ziŵiri zam'mbuyo mwake mtengo wa nandolo udali utakwera kwambiri, mwakuti anthu ambiri adakuza minda yao, ena adabwereka malo kwa anzao, enanso adatenga ngongole, ali ndi chikhulupiriro chakuti fizi ya ana, malata a nyumba ndi feteleza wa dzinja lotsatira zidzatuluka m'matumba a nandolo. Mbeu idabereka ndithu. Amai adathyola, adayanika, adapuntha ndi kupeta, matumba adasokedwa nkuunjikidwa kuchipinda. Koma ogula amene chaka chinacho ankalimbirana pakhomo ndi malole ao sadaoneke. Oŵerengeka amene adapachika masikelo pamitengo ya m'mbali mwa mseu ankatchula mtengo wosafika ngakhale theka la umene anthu adauzoloŵera, ndipo wokana ankauzidwa kuti asenze katundu wake abwerere naye kunyumba, kumene anankafumbwe ankamudikira.

Mlimi sadalakwe kanthu, pakuti mvula idagwa ndipo iye adalima. Chimene chidamugwetsa chidachitikira ku New Delhi, mzinda umene ambiri a ife sitidzaupondamo. Mu Ogasiti 2017 boma la India, dziko limene limagula gawo lalikulu la nandolo amene timatumiza kunja, lidalamula kuti nandolo wochokera ku maiko ena asapitirire matani 200,000 pa chaka. Pepala limodzi losainidwa kutsidya kwa nyanja yamchere lidamveka mpaka m'mbale za ana a ku Migowi ndi ku Thondwe.

Nkhani imeneyi taikumbutsa chifukwa ikutithandiza kuyesa chiphunzitso chimene takhala tikuchimva kwa zaka zambiri pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'misonkhano ya akuluakulu, chakuti malonda a pakati pa maiko, akangosiyidwa kuti ayende okha popanda owaletsa, amapindulitsa aliyense. Chiphunzitsochi sitikuchitaya chonse ai, pakuti m'kati mwake muli choonadi chambiri. Koma tikuti nchopereŵera, ndipo pamene chapereŵerapo mpamene pamagwera amphaŵi.

Mlendo ndi kalumo kake

Tiyambe ndi kuvomera zabwino zake. Makolo athu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nsima imene timaitcha yathu njochokera ku chimanga, koma chimanga kwao nku America. Chidafika mu Africa muno pa zombo za amalonda, monganso m'mene zidafikira chinangwa, mbatata, mtedza ndi matimati. Makolo athu akadakana zonse zochokera kutali, bwenzi lero nkhokwe zathu zili ndi mapira ndi maŵere okha. Masiku ano mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'chipatala, mchere, njinga ndi lamya za m'manja timagula kunja. Ngakhale tirigu wambiri amene timadya, ndi vinyo amene wansembe amamupereka pa guwa, zimachita kudutsa malire a dziko. Zonsezi sitingazigule ndi kwacha. Zimafuna ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja timazipeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga, mtedza, soya ndi nandolo.

Nzeru imene akatswiri a zachuma amatsamira pa nkhaniyi adaifotokoza bwino munthu wina wa ku England, David Ricardo, mu 1817. Iye adapereka chitsanzo cha maiko aŵiri, England ndi Portugal, ndi katundu wa mitundu iŵiri, nsalu ndi vinyo. Adaonetsa kuti ngakhale dziko limodzi litapambana linzake pa ntchito ziŵiri zonsezo, maiko onse aŵiri amapindula ngati lililonse liika mphamvu zake pa ntchito imene limaitha koposa, nkugula chinacho kwa linzake. Zimenezi sizachilendo kumudzi. Mmisiri wa matabwa angathe kudziŵa kuumba njerwa kupambana mnansi wake, komabe amapeza bwino akamakhalira kupala matabwa nkumagula njerwa kwa mnansiyo, ndipo mnansiyonso amapezapo chakudya cha ana ake.

Nandolo amene uja ndi umboni wake. Anthu a ku India amadya nandolo wosenda monga ndiwo za tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale amalima wochuluka kuposa dziko lina lililonse, zaka zambiri sawakwanira. Iwo amakolola cha mu Disembala ndi Januwale, pamene ife timakolola miyezi ingapo iwo asanayambe, nthaŵi imene nkhokwe zao zapunguka. Kwathu kuno nandolo salira feteleza, amabzalidwa m'munda womwewo wa chimanga, mizu yake imazama nipirira ng'amba, amabwezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake imasanduka nkhuni. Kwa banja la m'chigawo cha kumwera, kumene anthu ngothithikana ndipo minda njaing'ono, mbeu yotere ikapeza msika wa anthu ochuluka ngati a ku India, limenelo ndi dalitso losakanika.

Ndipo tisanadzudzule dziko la India, tikumbukire china. Mu 2000 mankhwala otalikitsa moyo wa munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa chaka, mtengo umene ngakhale mphunzitsi wamkulu sakadautha. Mu 2001 kampani ya ku India yotchedwa Cipla idalengeza kuti idzagulitsa mankhwala a mtundu womwewo pa madola 350 pa chaka. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Doha, maiko a m'bungwe la malonda la WTO adavomerezana kuti malamulo oteteza eni mankhwala asatsekereze maboma kupulumutsa miyoyo ya anthu ao. Mu 2004 dziko lathu lidayamba kupereka mankhwalawo kwaulere m'zipatala. Amene tikukumbukira maliro a zaka za m'ma 1990, pamene miphakati inkatopa ndi kuimba nyimbo za kumanda, tikudziŵa kuti m'matchalitchi mwathu muli agogo amene akudyetsa zidzukulu lero chifukwa cha mankhwala amene adabwera pa njira za malonda.

Pamene chiphunzitsochi chapereŵera

Koma walira mvula walira matope. Chitsanzo cha Ricardo chimayenda bwino pamene ogulitsana aŵiriwo ali ngati mmisiri wa matabwa ndi woumba njerwa uja, anthu okhala m'mudzi umodzi, amene aliyense angathe kukana mtengo nkupita kwina. Tiyeni tione ngati zidali choncho pa nandolo.

Mu 2014 ndi 2015 mvula sidagwe bwino ku India, ndipo mbeu za mtundu wa nyemba zidakwera mtengo kotero kuti anthu adadandaula kwambiri. Mpamene amalonda adathamangira kuno ndi ndalama m'manja. Koma boma la kumeneko silidakhale chete. Lidalimbikitsa alimi ake kubzala nandolo wambiri, nkukweza mtengo umene limalonjeza kuwagulira. Mu 2016 mvula idagwa mokwanira, zokolola zidachuluka kuposa kale lonse, mtengo udagwa, alimi a kumeneko adalira, ndipo boma lao lidatseka chipata. Sikuti linkadana nafe. Lidachita zimene kholo lililonse limachita likaona kuti ana ake akuvutika. Chimene tiyenera kuchiona apa nchakuti boma la India lidatha kusintha maganizo ake tsiku limodzi, pamene mlimi wa ku Phalombe adasankha kale zochita m'mwezi wa Novembala wapitawo, ndipo mbeu ikaloŵa m'nthaka sibwezedwa m'thumba. Komanso India ali ndi omugulitsa ambiri, monga Myanmar, Mozambique ndi Tanzania, pamene ife tidali ndi wogula wamkulu mmodzi yekhayo. Anthu aŵiri otere akakumana pa sikelo, mmodzi ndiye amatchula mtengo, winayo amangoŵeramitsa mutu.

Palinso phunziro lina kwa anansi athu. Mu Julayi 2016 boma la Mozambique lidasainirana pangano ndi boma la India, lolonjeza muyeso wa nandolo ndi mbeu zina zotere umene India adzaloleza kuloŵa chaka ndi chaka. Choncho pamene chipata chidatsekedwa, a ku Mozambique adatsala ndi khomo lao loloŵera. Ife pangano lotere tidalipeza mu 2021, la matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, mabanja ambiri atapsa kale manja. Apa zikuonekeratu kuti chimene chidatchinjiriza mlimi chidali lonjezo lolembedwa limene maboma aŵiri adamangana nalo, pamene msika wosiyidwa wokha udamutaya.

Zimenezi Eklezia adaziona kale. Mu Marichi 1967 Apapa Paul VI adalemba kalata yao yotchedwa Populorum Progressio, yonena za chitukuko cha mitundu ya anthu, ndipo m'menemo adaikamo mutu wapadera wa chilungamo pa malonda a pakati pa maiko. Iwo adavomera kuti mpikisano wa pamsika uli ndi ubwino wake pamene opikisanawo ali ofanana mphamvu. Koma adati pamene wina ali wolemera kwambiri ndipo wina ali wosauka kwambiri, mitengo imene imaoneka ngati yogwirizana mwaufulu ingathe kubala zosalungama. Potero adabwereka mfundo ya Apapa Leo XIII, amene mu 1891, m'kalata ya Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti wantchito akavomera malipiro ochepa chifukwa cha njala, kuvomerako sikusandutsa malipirowo kukhala olungama. Apapa Paul VI adati mfundo imeneyi, yoona pakati pa bwana ndi wantchito, njoonanso pakati pa dziko ndi dziko. Mai amene adagulitsa nandolo wake pa mtengo wotaya mu 2017 adavomeradi ndi pakamwa pake, koma adavomera chifukwa mwana adali atabwezedwa kusukulu.

Apapawo adaonanso kuti maiko olemera, amene amalalika kwa anzao za msika wopanda zoletsa, kwao amathandiza alimi ao ndi ndalama za boma. Zaka 36 pambuyo pake, mu 2003, pa msonkhano wa WTO ku Cancún, maiko anai olima thonje, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, adaimirira nkudandaula kuti thandizo limene maiko olemera, makamaka America, ankapereka kwa alimi ao a thonje linkagwetsa mtengo pa dziko lonse. Mlimi wa khasu wa ku Mali ankayesa kuti akupikisana ndi mlimi mnzake wa ku Texas, chonsecho ankapikisana ndi thumba la boma lolemera kwambiri pa dziko lapansi.

Chinanso chimene kalata ya 1967 idatchula nchakuti maiko osauka amagulitsa zinthu zosakonza, zimene mitengo yake imakwera ndi kutsika mosayembekezeka, nkumagula zinthu zopangidwa m'mafakitale, zimene mtengo wake sukonda kubwerera pansi. Ifenso ndi m'mene tilili. Fodya timamutumiza ali masamba, tiyi wambiri amachoka kuno m'matumba akuluakulu nkukaikidwa m'mapaketi okongola kwina, ndipo ntchito ndi phindu la kukonzako zimatsala kwa eni mafakitale. Zimene timagulitsa zikalephera kulipira zimene timagula, ndalama zakunja zimasoŵa, mizere ya galimoto imatalika pa malo omwetsera mafuta, ndipo kwacha imachepetsedwa mphamvu, monga zidachitikira mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wa feteleza, umene udali utayamba kale kukwera, udafika poti mabanja ambiri adabzala chimanga popanda chothira. Tionjezepo kuti dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Akuluakulu akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique idadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu nkumazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mtengo woŵirikiza. Zonsezi chitsanzo cha nsalu ndi vinyo sichidaziŵerengere.

Kodi phindu limaima pati?

Tingalakwe tikaganiza kuti kusalungama konse kumachokera kunja. Akatswiri akamati dziko lapindula ndi malonda, amaphatikiza ndalama zonse zoloŵa nkutchula chiŵerengero chimodzi. Koma dziko lilibe mimba, okhala ndi mimba ndi anthu. Funso la mkhristu liyenera kukhala lakuti: phindulo lidaima pakhomo pa yani?

Mbiri ya fodya ikutiyankha. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa mbeu ina iliyonse, zaka zina kupitirira theka la zonse. Koma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lamulo silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa burley, amene adali ndi mtengo wabwino. Ameneyo adasungidwira eni maesiteti, amene ankagulitsa okha ku okushoni. Mlimi wa kumudzi ankagulitsa mbeu zake ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, wotsika poyerekeza ndi umene mbeuzo zinkapeza kunja. Mpaka mu 1990 mpamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima burley. Ndipo pansi pa onse padali matenanti, mabanja ochoka ku Mulanje ndi ku Thyolo kunka ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba, amene ankalandira chimanga pa ngongole chaka chonse, ndipo pa tsiku loŵerengera ambiri ankapezeka kuti atsala ndi zochepa kapena alibe kanthu. Ana ao ankasoka fodya m'zigafa nthaŵi imene anzao ali m'kalasi. Mu Novembala 2019 boma la America lidalamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito za ana ndi zokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nkuthetsa utenanti. Nzomvetsa chisoni kuti zimene chikumbumtima chathu chikadayenera kutiuza kale, tidazimvetsa bwino pamene wogula wakunja adaopseza thumba lathu. Komabe pamenepa tikuonanso kuti malonda angathe kukhala njira yodzera chilungamo, ngati wogula afunsa m'mene katundu adapangidwira.

Nkhani ya kaunjika ikuonetsa mbali ziŵiri zomwezi. Palibe kholo limene lingakane kuti kaunjika wavalitsa ana athu, ndipo amai ambiri a m'maparishi mwathu amaphunzitsa ana ndi ndalama za mabelo a zovala. Koma m'zaka za m'ma 1990, zipata zitatsekulidwa mwadzidzidzi, fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inkalemba anthu zikwi zingapo ndi kugula thonje la alimi athu, idafooka kwambiri, ndipo matelala ambiri adapinda makina ao. Amene adapindula ngochuluka, koma aliyense adapindula pang'ono. Amene adataya ngochepa, koma adataya zonse, ndipo palibe adawapukuta misozi. Chiphunzitso cha msika chimati opindula angathe kubwezera otaya, koma sichinena amene adzawakakamize kutero.

Kodi titseke zipata?

Ena akamva zonsezi amati: basi tizidya zathu, tiletse zakunja. Maganizo ameneŵa nawonso tiyenera kuwayesa, pakuti amamveka okoma ngati chikomekome cha mkuyu. Mu Marichi 2025 boma lathu lidaletsa kuitanitsa zinthu zingapo kuchokera kunja, pofuna kuteteza alimi ndi amalonda a m'dziko muno. Mu Epulo boma la Tanzania lidabwezera poletsa zokolola zathu kuloŵa kwao. Maboma aŵiriwa sadachedwe kukambirana nkumvana, koma m'masiku oŵerengekawo amene adalira koyamba adali amai a malonda ang'onoang'ono a ku Karonga ndi pa chipata cha Songwe. Dziko lopanda doko, limene mafuta ake ambiri amadzera m'misewu ya anansi, silingapambane pa mpikisano wotsekerana zitseko.

Tikumbukirenso kuti ifenso timachita zimene tikudzudzula. Kaŵirikaŵiri boma lathu lakhala likuletsa kutumiza chimanga kunja. Cholinga chake nchomveka, kuti ufa usasoŵe. Koma chiletsocho chikakhalapo pa chaka cha zokolola zambiri, mtengo umagwa, ndipo amene amalipira ndi mlimi yemwe uja. Apapa Benedict XVI, m'kalata yao ya 2009 ya Caritas in Veritate, adaphunzitsa kuti thandizo lalikulu limene maiko osauka amalisoŵa ndilo kuti katundu wao aloledwe kuloŵa m'misika ya maiko ena. Eklezia tsono sakutiuza kuti tithaŵe malonda. Akutiuza kuti malonda akhale ndi malamulo omanga wamphamvu ndi wofooka yemwe, mapangano osasinthika usiku umodzi, ndi ogula angapo m'malo mwa mmodzi. Nchifukwa chake mabungwe monga COMESA, limene lidakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu 1994, ndi mgwirizano wa msika umodzi wa Africa umene udasainidwa ku Kigali mu 2018, tiyenera kuwafunsa zipatso zooneka, zofika kwa mai wonyamula dengu pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Mchinji.

Sikelo ya pakhomo pathu

Wina angafunse kuti: nanga ife a m'mphakati, amene sitikhala nawo pa misonkhano ya maiko, tichitepo chiyani? Tiyankhe kuti malonda a dziko lonse amayambira pa sikelo yopachikidwa pa mtengo wa mango, ndipo sikelo imeneyo ili m'manja mwathu.

Mneneri Amosi adadzudzula amalonda a nthaŵi yake amene ankaona ngati tsiku la Sabata likuwachedwetsa, anthu ochepetsa muyeso, okweza mtengo, onyenga ndi masikelo, ogulitsa ngakhale mungu wa tirigu. Anthu amenewo adali opembedza ndithu. Nafenso tidzifunse. Venda amene amakhotetsa sikelo kuti thumba lodzaza lioneke lopereŵera, si mlendo wochokera ku India. Kaŵirikaŵiri ndi mwana wathu, wobatizidwa, mwina woimba m'kwaya. Wogula mbeu ili m'munda m'mwezi wa Febuluwale, podziŵa kuti mwini wake alibe ufa, akuchita kwa mnansi wake zomwe zija timadandaula kuti maiko olemera amatichita. Mlimi naye amene amathira mchenga kapena madzi m'thumba la nandolo, kapena kubisa zinyalala pakati pa belo la fodya, amaba kaŵiri: amabera wogula lero, ndipo amabera alimi anzake maŵa, poti wogula wakunja akanyengedwa kamodzi amatsitsa mtengo wa dziko lonse. Sitingapemphe sikelo yolungama ku New Delhi ndi ku Geneva pamene ya pamsika pathu tikuidziŵa kuti njokhota, tili chete.

Chachiŵiri, mutu umodzi susenza denga. Mlimi wa matumba atatu sangakambirane mtengo ndi mwini lole, koma alimi makumi asanu osonkhanitsa zokolola zao pamodzi, okhala ndi sikelo yaoyao yoyesedwa ndi aboma, ndi nyumba yosungiramo yotetezeka kwa anankafumbwe, angathe kudikira miyezi iŵiri ndi kusankha wogula. Chimene chimawalepheretsa kudikira ndi ngongole ndi fizi, ndipo mpamene pamafunika mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama. Tisaiŵale kuti mabungwe a mtundu umenewu, amene lero timawatcha ma SACCO, Mpingo wa Katolika udathandiza kuwayambitsa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970. Ntchito imeneyi si yachilendo m'parishi. Miphakati yathu imadziŵa kusonkha za maliro ndi za ukwati, ndipo ingathenso kuphunzira kusonkha kuti wina asagulitse mbeu yake pa tsiku loipa.

Chachitatu, tisaike mtima wonse pa mbeu imodzi ndi wogula mmodzi. Pa tsoka la 2017 padali chitonthozo chimodzi: nandolo amadyedwa. Banja limene lidalephera kugulitsa lidatha kuphika ndiwo, ndi makata omwe, pamene banja lokanidwa fodya silingathe kuika masamba ake pamoto kuti ana adye. Nzeru ya makolo yobzala chimanga, nandolo, maungu, khobwe ndi chinangwa m'munda umodzi idali yotchinjiriza banja ku chaka choipa, ndipo njofunikabe pa msika woipa. Mtengo ukakwera chaka chino, tikumbukire pusi amene adati ichi chakoma ichi chakoma nkugwa chagada, ndipo tiyambe tadzaza nkhokwe tisanaŵerengere za malonda.

Chachinai, nafenso ndife ogula. Apapa Benedict XVI adakumbutsa kuti kugula chinthu kumakhudza chikumbumtima, sikungokhala nkhani ya ndalama chabe. Sukulu zathu zogonera, zipatala za mishoni ndi maseminale zimagula chakudya chambiri chaka chilichonse. Zikamagula nandolo, nyemba ndi mpunga kwa magulu a alimi oyandikana nazo pa mtengo wolungama, zimakhala zikumanga msika umene sungatsekedwe ndi pepala lochokera kutali. Ndipo pamene ofuna maudindo abwera kudzapempha mavoti, tili ndi ufulu wowafunsa za mapangano a misika ya mbeu zathu, za mafakitale okonzera zokolola kuno komwe, ndi za misewu yofika kumidzi.

Pa Misa ya zokolola timaona mabanja akubwera pa mzere ndi malichero a chimanga, mtedza ndi nandolo, nkuziika patsogolo pa guwa. Pamenepo palibe sikelo, ndipo mbale ya mai wamasiye imalandiridwa ndi manja aŵiri monga thumba la munthu wolemera, chifukwa Mwini guwa amaona thukuta limene lili m'mbeuzo. Msika sungakhale guwa, ndipo sitikuyembekeza kuti amalonda aleke kufuna phindu. Koma thukuta limene talipereka kwa Mulungu Lamulungu ndi lomwelo limene limapachikidwa pa sikelo Lolemba. Tikalilemekeza m'tchalitchi, tiyeni tililemekezenso pamsika, kuyambira pa mtengo wa mango wa m'mudzi mwathu mpaka pa matebulo amene maiko amasainirana mapangano ao.